Kodi shefi wa turma ndi wa yani? Mbiri ya utsogoleri wa ana a sukulu kuno ku Angónia

Chaka cha sukulu chikangoyamba, m'makalasi onse kuchokera ku Ulongwe, kudzera ku Lifidzi mpaka ku Domwe, mumachitika kachisankho kamene makolo ambirife sitikaonako. Mphunzitsi woyang'anira kalasi, amene pa Chipwitikizi amati director de turma, amauza ana kuti apeze chefe de turma, wachiwiri wake, ndi wina woona za ukhondo. Kwina ana amakweza manja nkuwerengana bwinobwino. Kwina aphunzitsi amangoloza chala: iwe wamtaliwe, ndiwe shefi. Madzulo mwana akafika pakhomo nkunena kuti andisankha, ife timangoti chabwino, uzikasamala choko cha aphunzitsi, basi nkhani yathera pomwepo.

Komatu anzanga omvera, udindo umenewu ndi wakale kuposa Boma limene tili naloli. Amishoni anali ndi mwana wawo womuimika kutsogolo kwa anzake, Apwitikizi anali naye, Frelimo itatenga dziko inali naye, ndipo amene anathawira ku Malawi anakampezanso komweko ali ndi dzina lina. Pa nthawi zonsezi funso lakhala limodzi lomwelo: kodi mwana ameneyu ndi diso la aphunzitsi pakati pa ana, kapena ndi pakamwa pa ana pamaso pa aphunzitsi?

Tiyambire kumene sukulu inali isanabwere. Angoni a kwa Maseko anakhazikika cha kuphiri la Domwe m'zaka za m'ma 1870. Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadula mtundu umodzi pakati, ena nkukhala a Nyasaland, ena a Mozambique, koma kaleredwe ka ana kanali kamodzi. Mayi wina wa ku England, Margaret Read, anakhala pakati pa Angoni a ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1930, kuphatikizapo a kwa Gomani ku Ntcheu, ndipo m'buku lake la Children of Their Fathers anafotokoza za laweni, nyumba yogona anyamata, ija ife timati mphala kapena gowelo. Mnyamata mano a ubwana akangoyamba kuchoka, ankasiyana ndi amayi ndi agogo nkukalowa kumeneko. Anyamata okulirapo ndiwo ankalamula: uyu akatole nkhuni, uyu akatunge madzi, uyu akabweze ng'ombe zisanalowe m'munda mwa eni. Utsogoleri unkabwera ndi msinkhu, mphamvu ndi luso pa ndodo. Tisaukometse kwambiri ayi, munali kuzunzana ndithu, ndipo wamng'ono ankadya makombo. Koma taonani chinthu chimodzi: mtsogoleri wa kubusa sankaikidwa ndi mlendo. Mphamvu zake zinkachokera kwa anyamata anzake omwewo, ndipo akasiya kumumvera, ufumu wake unkathera pomwepo.

Sukulu inafika ndi amishoni. Ansembe a chiJezuiti anatsegula mishoni ya Lifidzi cha m'ma 1909, ndipo nthawi yomweyo a Dutch Reformed anayamba ntchito ku Mphatso, kumene Boma la Apwitikizi linadzawatsekera mu 1922. Mishoni ya Fonte Boa inabwera mochedwerapo, mu 1945. Pofika nthawi imeneyo, pangano la Portugal ndi Vatican la 1940 komanso lamulo la amishoni la 1941 zinali zitaika maphunziro a mwana wakuda m'manja mwa Mpingo wa Katolika. Mwana wa mzungu ndi wa assimilado, munthu wakuda amene anapatsidwa mapepala a Chipwitikizi, ankapita ku sukulu ya Boma. Wa kumudzi ankayamba ndi ensino rudimentar pa katchalitchi ka m'mudzi: mphunzitsi mmodzi amene analinso katekisiti, ana ambirimbiri, misinkhu yosiyanasiyana.

Nanga munthu mmodzi angathane bwanji ndi gulu lotero? Njira inalipo kale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, Andrew Bell ku Madras m'dziko la India ndi Joseph Lancaster ku London anayambitsa kaphunzitsidwe koti mwana amene wamva msanga aziphunzitsa anzake. Mwana woteroyo ankatchedwa monitor. Cholinga chinali kupulumutsa ndalama za malipiro, osati kulera atsogoleri ayi. Komabe kwa mwana wa mlimi, limeneli linali khomo. Wothandiza aphunzitsi ndiye ankaonekera kwa abambo a ku mishoni, ndiye ankatumizidwa kukagonera ku mishoni kuti amalize kalasi 4, ndipo mawa lake ndiye ankadzakhala katekisiti kapena mphunzitsi. Malamulo a maphunziro atasintha mu 1964, monitor escolar inakhala ntchito yeniyeni: wachinyamata wa kalasi 4, atachita kosi yaifupi, ankapatsidwa ana a kumudzi kuti aziwaphunzitsa.

Udindowo unali ndi mbali yake yowawa. Lamulo la 1941 lija linkati m'sukulu muziphunzitsidwa ndi kulankhulidwa Chipwitikizi. Chinenero chathu chinkaloledwa pa za chipembedzo basi. Tsono aphunzitsi akatuluka panja, ankadziwa bwanji amene walankhula Chinyanja? Afunseni agogo amene anakhalapo pa mabenchi amenewo. Panali mnzawo wosunga mayina, ndipo kumapeto kwa mayinawo kunali mbalamatodya, kathabwa kobowolabowola kaja komenyera m'manja. Ine ndimati ndandanda ya olongolola imene shefi wa turma amalemba lero, ija ana amati lista dos barulhentos, ndi mdzukulu wa pepala limenelo. M'sukulu za m'tawuni munalinso Mocidade Portuguesa, gulu la achinyamata limene Boma la Salazar linakhazikitsa mu 1936 nkulifalitsanso m'maiko amene linkalamulira: yunifolomu, maudindo, kuguba. Kumeneko mwana ankaphunzira kulamula, koma mawu olamulawo sanali ake.

Utsogoleri wa mtundu wina, woti ophunzira adzisonkhanitse okha pa zofuna zawo, unayambira kutali ndi kuno. Mu 1949, ku Lourenço Marques, kumene lero timati Maputo, Eduardo Mondlane ndi anzake anakhazikitsa NESAM, bungwe la ophunzira akuda a ku sekondale. Pooneka linali la zisangalalo ndi kuthandizana pa maphunziro: magule, zokambirana, kubwerekana mabuku. Koma tamvani amene anadutsamo. Joaquim Chissano ndi Armando Guebuza, onse awiri anatsogolerapo bungweli asanadzatsogolere dziko. Munali Pascoal Mocumbi, amene anadzakhala nduna yaikulu, mlembi Luís Bernardo Honwana, ndi Josina Muthemba, amene dziko linadzamudziwa ndi dzina la Josina Machel. Apolisi a Apwitikizi ankalilondalonda kuchokera pachiyambi, Mondlane mwiniwakeyo anamugwirapo nkumupanikiza ndi mafunso, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1960 analitseka. Anthu amenewa anaphunzirira kumeneko zinthu zimene pa bolodi sizilembedwa: kuitanitsa msonkhano, kusankhana, kusunga ndalama za gulu, kugonja pa voti mawa nkubweranso.

Mwana wa ku Angónia NESAM sakanaifikira, pakuti masekondale anali a m'mizinda ikuluikulu. Njira yake yopitira patali inali seminale, monga ija ya ku Zóbuè, pa malire ndi Mwanza, imene ankayendetsa ansembe a White Fathers. M'zaka za m'ma 1960 anyamata a m'maseminale ndi m'sukulu za mishoni ankadutsa malire kulowa m'Malawi, ulendo wa ku Tanzania kukapeza Frelimo, ambiri ali ndi chiyembekezo chopitiriza maphunziro. Kumeneko ndiye kunachitika nkhani imene siikambidwa kawirikawiri. Mu 1968 ophunzira a pa Instituto Moçambicano ku Dar es Salaam, sukulu imene Janet Mondlane ankayendetsa, anaukira atsogoleri a Frelimo. Sankagwirizana ndi zoti wophunzira azikakamizidwa kupita kunkhondo m'malo mopitiriza maphunziro kunja, ndipo ankakananso aphunzitsi achizungu. Wansembe Mateus Gwenjere anali kumbali yawo. Sukuluyo inatsekedwa, nkudzatsegulidwanso ku Bagamoyo mu 1970, mwambo wake uli wokhwima kuposa kale. Atsogoleri amene anakulira mu NESAM ankaidziwa bwino mphamvu ya ophunzira ogwirizana. Chaka cha 1968 chinawaonetsa kuti mphamvu imeneyo ikhoza kuwatembenukira iwo omwe, ndipo sanaiwale.

Mfundo ziwirizi, kukhulupirira ophunzira ndi kuwaopa, zinalowera limodzi m'sukulu za dziko la ufulu. Samora Machel anali atalemba kale kabuku ka Fazer da escola uma base para o povo tomar o poder, kunena kuti sukulu ikhale maziko oti anthu wamba atengerepo ulamuliro. Ufulu unabwera pa 25 June 1975, ndipo pa 24 July chaka chomwecho Boma linatenga sukulu zonse, za amishoni zomwe. Pa anthu 100 aliwonse, oposa 90 sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Aphunzitsi a Chipwitikizi anali akupita kwawo, pamene chiwerengero cha ana a pulayimale chinawirikiza kawiri pofika 1979. Ana analowa m'kalasi ngati madzi osefukira, owaphunzitsa palibe.

Unduna wa Maphunziro unatulutsa ndondomeko yotchedwa OPAE, yonena za mmene sukulu iziyendetsedwera pa ndale ndi pa ntchito. Kalasi, turma, inagawidwa m'timagulu, kagulu kalikonse ndi woyang'anira wake, ndipo panali ophunzira oona za ulimi, za ukhondo, za chikhalidwe, za masewera, ndi za nkhani zomata pa bolodi lija ankati Jornal do Povo. Mawu okondedwa masiku amenewo sanali chefe koma responsável, munthu wosenza udindo. Pankakhala misonkhano ya kudzudzulana ndi kudzidzudzula, kumene mwa lamulo wophunzira ankatha kunena cholakwa cha mphunzitsi pamaso pa onse. Kuno kwathu, dziko la chimanga ndi mbatata ya kachewere, kumene Boma linaika minda ikuluikulu ya CAIA, munda wa sukulu sunali wa masewera. M'sukulu zogonera konko unkathandiza kudyetsa ana. Ophunzira okulirapo ankapitanso kukaphunzitsa makolo awo omwe kulemba ndi kuwerenga. Kunena zoona, palibe nthawi ina, kale kapena pambuyo pake, imene mwana wa sukulu anapatsidwa ntchito zenizeni zochuluka chonchi.

Koma mzere wotsatira unkachokera kumwamba. Responsável ankatha kudzudzula mnzake waulesi, ngakhale mphunzitsi woledzera, koma osati mfundo ya chipani. Chipwitikizi chinakhalabe chinenero chokhacho cha m'kalasi, tsopano pa chifukwa cha umodzi wa dziko, moti pepala la mayina lija silinafe. Ndipo pa 8 March 1977 ophunzira anaona mbali ina ya kukhulupiriridwa. Samora anasonkhanitsa achinyamata ku Maputo nkulengeza kuti makalasi omaliza a sekondale, 10 ndi 11, aimitsidwa, ndipo ophunzira ake agawidwa ku ntchito zimene dziko likusowa: ambiri uphunzitsi, ena usilikali, ena maofesi a Boma. Mpaka lero amatchedwa Geração 8 de Março. Ena mwa iwo amanyadira kuti anapulumutsa sukulu za dziko lino, ndipo sakunama. Ena amakumbukira kuti ankafuna kukhala madokotala kapena mainjiniya koma palibe anawafunsa, ndipo nawonso sakunama. Chaka chomwecho kunabadwa OJM, bungwe la achinyamata la Frelimo, ndipo mu 1985 kunabwera la ana, Continuadores. Mwayi waukulu wa nthawi imeneyo unali kusankhidwa kupita kunja: kuyambira 1977 ana a Mozambique ankatumizidwa ku Isla de la Juventud ku Cuba, ndipo mu 1982 ana pafupifupi 900 ochokera m'zigawo zosiyanasiyana anapita ku sukulu ya ku Staßfurt, ku East Germany.

Kenaka nkhondo. Apa sindichulukitsa mawu, ambiri a inu mukudziwa kuposa ine. Sukulu ndi aphunzitsi zinkaonedwa ngati nkhope ya Boma, choncho zinali m'gulu la zoyamba kuwonongedwa. M'dziko lonse sukulu za pulayimale zoposa theka zinatsekedwa kapena kugwetsedwa, ndipo Tete inali m'gulu la zigawo zimene zinavutika koposa. Pa 30 October 1985 ansembe awiri a chiJezuiti, João de Deus Kamtedza, mwana wa kuno ku Angónia, ndi Sílvio Moreira, anatengedwa ku Chapotera pafupi ndi Lifidzi nkuphedwa. Mu 1986 nkhondo inafika pa Ulongwe penipeni, ndipo midzi yathunthu inasamukira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Malawi inadzasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Pa masiku amenewo udindo uliwonse wokhudzana ndi Boma, ngakhale waung'ono, unali chinthu chobisa, osati chonyadira.

Ana ena kumeneko anaphunzira m'sukulu za othawa nkhondo, pa Chipwitikizi, ndi aphunzitsi a kwathu. Ena, makamaka amene anakhala m'midzi ya abale awo, analowa sukulu za Malawi, nkukapeza dongosolo la Angerezi: monitala m'kalasi, mapulifekiti, head boy ndi head girl. Dongosolo limeneli linatchuka ndi Thomas Arnold, mkulu wa sukulu ya Rugby ku England kuyambira 1828, amene anapatsa anyamata a kalasi yomaliza mphamvu zosungitsa mwambo pakati pa ang'onoang'ono. Pulifekiti anali ndi ulemu wake, mwina baji pachifuwa, ndi mphamvu yopereka chibalo. Inali nthawi ya Kamuzu Banda, ya ngodya zinayi zija za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo a Malawi Young Pioneers ankaphunzitsa kuguba m'masukulu. Mwana wa ku Angónia amene anachoka kwa responsável nkukapeza pulifekiti anaona kusiyana kwa chinenero ndi zovala, koma mbali imene mtsogoleriyo ankayang'ana inali yomweyo, kumwamba.

Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anthu anabwerera, sukulu nkuyambanso pansi pa mitengo. Kusintha kwenikweni pa nkhani yathuyi kunabwera pang'onopang'ono. Pakati pa 1993 ndi 1997 Boma linayesa kuphunzitsa ana m'chinenero chawo, pa ndondomeko ya PEBIMO, ndipo zinenero zimene zinasankhidwa zinali ziwiri: Chichangana ku Gaza ndi Chinyanja chathuchi kuno ku Tete. Kuyambira 2003 maphunziro a zinenero ziwiri analowa m'dongosolo la dziko. Chinenero chimene agogo ankamenyedwera chinakhala cha pa bolodi. Mu 2003 momwemo malamulo a sukulu za pulayimale anakhazikitsa Conselho de Escola, khonsolo ya sukulu, ndipo anawakonzanso mu 2008. M'khonsoloyi mumakhala mkulu wa sukulu, aphunzitsi, ogwira ntchito ena, makolo, oimira mudzi, ndi oimira ophunzira. Wapampando wake si mkulu wa sukulu ayi. Khonsolo ndiyo imavomereza mapulani a sukulu, imatsata za kujomba kwa ana ndi kwa aphunzitsi, ndipo imayang'anira ndalama za ADE, zija Boma limatumiza pa sukulu pomwepo zogulira zipangizo ndi kuthandiza ana ovutika.

Mwamva bwino pamenepo? Kwa nthawi yoyamba m'mbiri yonse imene tayendamoyi, lamulo linaika mwana pa mpando woti alankhulire anzake kwa akuluakulu, osati kulankhulira akuluakulu kwa anzake. Papepala ndiye zili choncho. Koma tonse tikudziwa mmene misonkhano yathu imayendera. Mwana wa zaka 12 akhale pakati pa a nyakwawa, a direkitala ndi amalume ake omwe, msonkhano ukuchitika pa Chipwitikizi, iye analeredwa kuti akulu akamalankhula uziyang'ana pansi: mukuganiza kuti anena kuti aphunzitsi akutiakuti safika Lolemba? Amasaina pepala la opezekapo, basi. Pena amene amatumizidwa ku khonsoloko ndi shefi yemwe uja analozedwa ndi chala, wosankhidwa chifukwa ndi wamtali kapena ndi womvera. Chonsecho pa ndandanda ya maphunziro pali kale nthawi ya reunião de turma, msonkhano wa kalasi ndi director de turma wake. Imeneyo ndiyo nthawi yoti woimira ana amve zimene anzake akufuna akanene. Ikangokhala nthawi yosesa pabwalo ndi yowerenga mayina a olongolola, wopita ku khonsolo amapita chimanjamanja.

Makomo ena alipo, ndipo mwana wofuna kutsogolera lero ali ndi posankha pambiri kuposa bambo ake. Pali Parlamento Infantil, nyumba ya malamulo ya ana, imene imakumana pa boma, pa chigawo ndi pa dziko lonse, ana nkumafunsa akuluakulu a Boma mafunso maso ndi maso. Pulogalamu ya Geração Biz, imene inayamba mu 1999, inaphunzitsa achinyamata ambiri a m'masekondale kukhala alangizi a anzawo pa za Edzi ndi za kutha msinkhu. Pali magulu a atsikana, a masewera, a zisudzo, ndi mapulogalamu a pa wailesi amene ana amakonza okha nkuulutsira ana anzawo. Ndipo wopitirira sekondale safunikanso kupita ku Maputo kuti akaone yunivesite: nthambi ya zaulimi ya UniZambeze ili pa Ulongwe pompano.

Za atsikana ndiyenera kuimapo pang'ono, chifukwa mbiri yonseyi, kuchokera ku mphala mpaka ku seminale, yakhala ya anyamata. Mu 2003, chaka chomwecho chimene ana anapatsidwa mpando m'khonsolo, Unduna unatulutsa Despacho 39, lamulo loti mtsikana akatenga mimba asamutsidwire ku sukulu ya usiku. Kumudzi kopanda magetsi, kumene sukulu ya usiku kulibe, kumeneko kunali kumuchotsa sukulu basi. Lamuloli linakhala zaka 15, nkuthetsedwa mu December 2018 mabungwe atalimbana nalo kwa nthawi yaitali, ndipo mu 2019 kunabwera lamulo loletsa maukwati a ana. Nkhani ngati zimenezi, za mtsikana amene akufuna kumukwatitsa kapena amene mphunzitsi akumuvutitsa, amayamba kuzimva ndi anzake a m'kalasi, osati a direkitala. Mtsikana amene ali shefi kapena woimira anzake ayenera kudziwa kokazitula, ndipo ayenera kudziwa nambala ya 116, Linha Fala Criança, imene mwana amaimba mwaulere. Koma ngati m'kalasi udindo wa mtsikana nthawi zonse uli wa tsache ndi chidebe, chefe de higiene, pamene wolankhula ndi mnyamata, ndiye kuti tangobwezeretsa za pakhomo m'kalasi.

Chinthu china chasintha posachedwapa chimene makhonsolo ambiri sanachiganizire. Lamulo la maphunziro la 2018 linati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9, ndipo linafupikitsa pulayimale kuti izithera kalasi 6. Kuyambira 2023 kalasi 7 ili ku sekondale. Kale oimira ana m'khonsolo ya pulayimale ankachokera mwa akuluakulu a kalasi 7, ena a iwo anyamata ndi atsikana otha msinkhu amene anayamba sukulu mochedwa. Lero mwana amene wayamba ndi zaka 6 nkumakhoza chaka chilichonse amafika kalasi 6 ali ndi zaka 11. Ameneyo ndiye wamkulu pa sukulu yonse, ndipo ndiye akukhala pa mpando uja. Inu amene muli m'makhonsolo, msonkhano ukubwerawu tayesani kuuchita m'Chinyanja, ana akhale awiriawiri osati mmodzi yekha pakati pa akulu, ndipo wapampando awafunse iwo poyamba, a direkitala asanalankhule, kuti mabuku aulere anafika angati m'kalasi mwawo ndipo ndi masiku angati mwezi uno amene anakhala opanda mphunzitsi.